Mlandu wa pantchito sudikira: kumene achinyamata oponderezedwa angapeze thandizo la malamulo

Amene anafikapo pa Lizulu kapena pa mphambano ya Tsangano m'mamawa wa tsiku la msika akudziwa kuti chuma cha boma la Ntcheu chimasenzedwa pa mapewa a achinyamata. Iwo ndiwo amakweza matumba a kachewere ndi kabichi m'malole opita ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ndiwonso amagulitsa m'magolosale, kuthira chimanga m'zigayo, kuweta ng'ombe m'madambo ndi kulera ana a eni m'nyumba za pa boma. Ambiri a iwo anayamba ntchito pongogwirizana pakamwa, popanda pepala lililonse. Mwezi ukatha bwana n'kunena kuti malonda sanayende, kapena tsiku lina n'kungomuuza kuti mawa asabwerenso, mnyamata kapena mtsikana amamanga kathumba kake n'kubwerera kumudzi, poganiza kuti wosauka sangalimbane ndi mwini chuma.

Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo akutayitsa mabanja ndalama zimene ana awo anakhetsera thukuta. Malamulo a dziko lino amateteza wantchito aliyense, ngakhale amene alibe kalata ya mgwirizano, ndipo thandizo loyamba limaperekedwa pa boma pomwe pano popanda kufuna loya. Komabe thandizoli limapindulira munthu amene wabwera msanga, wanyamula umboni, ndipo wagogoda pa khomo loyenera. Nkhani ino ikufotokoza mmene zinthu zitatuzi zimayendera.

Msinkhu woyambira ntchito

Malamulo aakulu a dziko la Malawi, omwe anakhazikitsidwa m'chaka cha 1994, akunena m'ndime 31 kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito mwachilungamo, motetezeka, ndi kulandira malipiro oyenera. Ndime 23 ikuteteza ana kuti asadyeredwe masuku pamutu kapena kupatsidwa ntchito imene ingawononge moyo wawo ndi maphunziro awo. Kuchokera m'chaka cha 2017, pamene aphungu anasintha ndimeyi, mwana ndi aliyense amene sanakwanitse zaka 18.

Tsatanetsatane wake ali m'lamulo la zantchito la m'chaka cha 2000, lotchedwa Employment Act. Lamuloli likuletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14 m'munda wa malonda, m'fakitale kapena m'bizinesi ina iliyonse. Wa zaka zoyambira 14 kulekeza 18 akhoza kugwira ntchito, koma isakhale yoika moyo wake pachiswe, yowononga khalidwe lake kapena yomujombetsa kusukulu. M'chaka cha 2012 boma linatulutsa mndandanda wa ntchito zoopsa zimene mwana sayenera kupatsidwa. Wolemba ntchito amene waphwanya ndime zimenezi akhoza kulipitsidwa chindapusa ndi kukhala kundende mpaka zaka zisanu.

Pano pafunika kumvetsana, chifukwa makolo ambiri amafunsa ngati lamulo likuletsa kutuma mwana. Mwana wothandiza kutunga madzi, kusesa kapena kupalira m'munda wa kwawo akaweruka kusukulu sakuzunzidwa. Akuphunzira ntchito monga tinaphunzirira tonse. Vuto limayamba pamene mwana wa zaka 11 waperekedwa kwa mwini ng'ombe kuti aziweta chaka chathunthu, anzake ali m'kalasi, malipiro ake n'kumalandira munthu wina. Kafukufuku wa boma wa m'chaka cha 2015 anapeza kuti ana 38 mwa 100 aliwonse a zaka 5 mpaka 17 m'dziko muno ankagwira ntchito zosayenera msinkhu wawo. Boma lathu, lomwe kalembera wa 2018 anapeza kuti lili ndi anthu 659,608, silili kunja kwa vutoli.

Zimene wantchito aliyense ayenera kulandira

Mgwirizano wa pakamwa ndi mgwirizano ndithu. Udindo wopereka pepala lofotokoza dzina la ntchito, malipiro ndi maola uli pa wolemba ntchito, ndipo akalephera kutero wolakwa ndi iyeyo. Sangabwere pambuyo pake n'kunena kuti popeza panalibe pepala ndiye kuti panalibe ntchito.

Malipiro otsikitsitsa amalengezedwa ndi nduna ya zantchito. M'chaka cha 2021 anali K50,000 pamwezi, mu February 2024 anafika pa K90,000, ndipo mu June 2025 anakwera kufika pa K126,000. Antchito a m'nyumba ali ndi mlingo wawo, womwe unali K52,000 mu 2024 ndi K72,800 kuyambira mu June 2025. Ziwerengerozi zimasintha, choncho ndi bwino kufunsa ku ofesi ya zantchito mlingo umene ukugwira ntchito pa nthawiyo. Kuvomera kwa wantchito sikuyeretsa malipiro ochepera pa mlingo wa boma, ndipo nsima ndi mphasa yogonapo sizilowa m'malo mwa ndalama.

Tiyerekeze kuti mtsikana wa zaka 19 wagwira ntchito ya m'nyumba miyezi isanu ndi itatu pa nthawi imene mlingo unali K72,800, koma iye ankalandira K30,000. Mwezi uliwonse ankaperewedwa K42,800. Pa miyezi yonseyo ngongole ya bwana wake ndi K342,400. Ndalama imeneyi ndi yake mwalamulo, ndipo akhoza kuifunsa ngakhale atasiya kale ntchitoyo.

Maola ogwira ntchito sayenera kupitirira 48 pa sabata, ndipo munthu akagwira masiku asanu ndi limodzi otsatizana ayenera kupuma tsiku lathunthu. Ola lililonse lowonjezera pa tsiku wamba limalipidwa ngati ola limodzi ndi theka, pamene pa tsiku lopuma kapena la tchuthi cha boma limalipidwa kawiri. Wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata ali ndi tchuthi cholipidwa cha masiku 18 pachaka, ndipo wogwira masiku asanu ali ndi masiku 15. Amene watha chaka pa ntchito akadwala, dokotala n'kumulembera kalata, ali ndi masabata anayi a malipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu a theka la malipiro. Mayi woyembekezera ali ndi tchuthi cha masabata osachepera asanu ndi atatu, cholipidwa mokwanira, kamodzi pa zaka zitatu. Wovulala pa ntchito, monga mnyamata amene lamba wa chigayo wamudula chala, ali ndi ufulu wolandira chipepeso pansi pa lamulo la Workers' Compensation Act la m'chaka cha 2000, ndipo ngozi yotere iyenera kukanenedwa ku ofesi ya zantchito mwamsanga.

Kuchotsedwa ntchito

Madandaulo ambiri amabadwa pa tsiku lochotsedwa ntchito. Ndime 57 ya lamulo la zantchito ikufuna zinthu ziwiri kwa wolemba ntchito. Choyamba, pakhale chifukwa chomveka, chokhudza khalidwe la wantchitoyo, luso lake, kapena mmene bizinesi ikuyendera. Chachiwiri, ngati nkhani ili ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito, munthuyo apatsidwe mpata wonena mbali yake asanachotsedwe. Ngakhale pa bwalo la mfumu mlandu sugamulidwa mwini wake asanayankhe, ndipo lamulo la pantchito likutsata nzeru yomweyo.

Pali zifukwa zina zimene lamulo silizivomereza n'komwe. Munthu sangachotsedwe ntchito chifukwa ali ndi pakati, chifukwa cha mtundu wake, chipembedzo chake kapena ulumali, chifukwa wajomba masiku ochepa akudwala, chifukwa walowa bungwe la antchito, kapena chifukwa wakadandaula ku ofesi ya zantchito. Nkhani ikafika pa bwalo, amene ayenera kutsimikiza kuti chifukwa chinalipo ndi wolemba ntchito. Akalephera, bwalo limatenga kuti wantchito anachotsedwa mopanda chilungamo.

Amene amalandira pamwezi ayenera kupatsidwa notisi ya mwezi umodzi, kapena malipiro a mwezi umodzi m'malo mwake, pokhapokha ngati wapalamula mlandu waukulu. Zonse zotsala, monga malipiro ndi masiku a tchuthi amene sanapume, ziyenera kuperekedwa pasanathe masiku asanu ndi awiri. Amene watha chaka kapena kuposerapo, n'kuchotsedwa mopanda chilungamo kapena chifukwa bizinesi yachepetsa antchito, amayeneranso kulandira ndalama yotsazikira: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse pa zaka zisanu zoyambirira, ndipo mlingo umakwera zaka zikachuluka. Pamwamba pa izi bwalo likhoza kulamula kuti munthu abwezeretsedwe pa ntchito kapena apatsidwe chipepeso.

Eni magolosale ndi mabala ena ali ndi chizolowezi chonena kuti katundu wasowa, n'kudula malipiro onse a mwezi popanda kuwerengetsa pamodzi ndi wantchito. Ena amaopseza kuti akamutengera kupolisi akapitiriza kufunsa ndalama zake. Lamulo silipatsa bwana mphamvu yolipitsa wantchito chindapusa mmene wafunira. Ngati akuti pabedwa, abweretse mabuku ake, awerengedwe pamaso pa mboni.

Khomo loyamba ndi ofesi ya zantchito

Ofesi ya zantchito ya boma la Ntcheu, imene ambiri amangoti ku Leba, ndiyo khomo loyamba la dandaulo lililonse la malipiro, maola, kuvulala kapena kuchotsedwa ntchito. Wodandaula amafotokoza nkhani yake m'Chichewa, mkulu wa zantchito amailemba, kenako amaitanitsa wolemba ntchito kuti mbali ziwirizi zikumane. Mkuluyu amawerengetsa zimene lamulo likunena ndi kuyesa kuyanjanitsa. Nkhani zambiri za malipiro zimathera pomwepa, chifukwa bwana akaona chiwerengero chitalembedwa amazindikira kuti kupita nayo patali kumudyera zambiri. Akagwirizana zolipira pang'onopang'ono, mgwirizanowo ulembedwe ndipo masiku olipira atchulidwe.

Akuluakulu amati mlandu suola, koma pa nkhani ya kuchotsedwa ntchito mwambi umenewu ukhoza kupusitsa munthu. Ndime 62 ikupereka miyezi itatu, kuyambira tsiku lochotsedwa, kuti wantchito akatule dandaulo kwa mkulu wa zantchito wa pa boma. Achinyamata ambiri amataya miyezi imeneyi akuyenderera kwa bwana amene tsiku lililonse amawauza kuti abwere mawa. Malangizo athu ndi akuti munthu akapita kawiri osalandira kanthu, ulendo wachitatu ukhale wa ku Leba. Kukalembetsa dandaulo sikuletsa kukambirana. Kumangosunga ufulu wa wodandaula.

Akuluakulu a zantchito alinso ndi mphamvu yolowa pa malo a ntchito, kufunsa mafunso ndi kuona mabuku a malipiro. Lamulo limawalamula kusunga chinsinsi cha amene wawatsina khutu. Choncho mnansi amene akuona mwana akugona m'khola la ng'ombe kapena akugulitsa mowa usiku akhoza kukanena popanda dzina lake kutuluka. M'nyumba yokhalamo anthu mkuluyu amalowa ndi chilolezo cha mwini wake kapena cha majisitireti, n'chifukwa chake pa nkhani za antchito a m'nyumba maso a anansi ndi ofunika kwambiri.

Nkhani ikakanika pa boma

Mkulu wa zantchito akalephera kuthetsa nkhani ya kuchotsedwa ntchito pasanathe mwezi umodzi, nkhaniyo ikhoza kupita ku bwalo la milandu ya zantchito, lotchedwa Industrial Relations Court. Bwaloli likutchulidwa m'malamulo aakulu a dziko ndipo limayendera lamulo la Labour Relations Act la m'chaka cha 1996. Lili ndi maofesi ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Linakonzedwa kuti munthu wamba athe kudziyankhulira yekha, ndipo amene ali m'bungwe la antchito akhoza kuyimiridwa ndi bungwe lake. Kalata yochokera ku Leba, yosonyeza kuti kuyanjanitsa kunalephereka, ndi yofunika kuinyamula.

Kwa amene akufuna loya koma alibe ndalama, boma linakhazikitsa bungwe la Legal Aid Bureau kudzera m'lamulo la m'chaka cha 2011, ndipo bungweli linayamba kugwira ntchito mu 2015. Anthu ambiri amaganiza kuti limathandiza okhawo amene ali m'manja mwa apolisi, pamene limalandiranso milandu ya anthu awiri, kuphatikizapo ya pantchito. Likulu lake lili ku Lilongwe, ndipo lili ndi nthambi ku Blantyre, ku Zomba, ku Mzuzu ndi m'maboma angapo. Wopempha thandizo amafunsidwa za kapezedwe kake ndi za mlandu wake. Amene ali ndi kangachepe akhoza kuuzidwa kuti asonkhepo pang'ono, koma umphawi pawokha sutsekera munthu khomo. Bungweli lili ndi maloya komanso alangizi a zamalamulo omwe amathandiza kulemba zikalata za kubwalo.

Tisabise chilungamo: njira ya kubwalo ndi yaitali. Milandu imachedwa, ndipo kwa munthu wa kwa Ganya, kwa Mpando kapena kwa Phambala, ulendo wa pa boma pokha umafuna ndalama. N'chifukwa chake pamene antchito angapo alakwiridwa ndi bwana mmodzi, ndi nzeru kudandaula pamodzi, kusonkherana ya ulendo ndi kuchitirana umboni. Mutu umodzi susenza denga.

Pamene nkhani yasanduka ya apolisi

Nkhanza zina za pantchito sizithera pa kuwerengetsa ndalama. Bwana amene amamenya wantchito, kumutsekera, kapena kumukakamiza kugona naye wapalamula mlandu wa upandu. Lamulo la Gender Equality Act la m'chaka cha 2013 likuletsa mchitidwe uliwonse wachisembwere wosafunidwa pa ntchito, kaya ndi mawu, kugwiragwira, kapena kuopseza kuti ntchito itha mtsikana akakana. Chilango chake ndi K1,000,000 ndi zaka zisanu kundende. Nkhani zotere zimatulidwa ku nthambi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, ndipo amene wagwiriridwa apite kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala omuteteza ku kachilombo ka HIV. Ngati wozunzidwa ndi mwana, ofesi ya zachisamaliro cha anthu imalowererapo pansi pa lamulo loteteza ana la m'chaka cha 2010, ndipo aliyense akhoza kuimba nambala yaulere ya 116. Bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission nalonso limalandira madandaulo a tsankho ndi nkhanza zotere. Milandu imeneyi isathere pa bwalo la mfumu ndi mbuzi kapena nkhuku.

Boma lathu lili m'malire ndi Mozambique, ndipo pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo umalekanitsa maiko awiriwa. Kuwoloka n'kosavuta, choncho anthu ena amatenga anyamata ndi malonjezo a malipiro abwino m'minda ya kutsidyako, ena n'kutenga atsikana ponena kuti akukagwira ntchito ya m'nyumba kutauni koma akukawaika m'mabala. Kutenga munthu mwachinyengo kapena moopseza ndi cholinga chokamudyera masuku pamutu ndi kuzembetsa anthu, ngakhale asanatuluke m'dziko. Lamulo la Trafficking in Persons Act la m'chaka cha 2015 likupereka chilango cha zaka 14 kundende, ndi zaka 21 ngati wozembetsedwayo ndi mwana. Pa nkhani ya mwana, kunena kuti makolo anavomera sikupulumutsa wozembetsa. Makolo adziwenso kuti mwana akawoloka malire, mkulu wa zantchito wa ku Ntcheu alibe mphamvu pa munda wa kutsidya. Nthawi yofunsa dzina la wolemba ntchito, malo ndi malipiro ndi pamene mwana asananyamuke.

Umboni umayamba tsiku loyamba

Milandu yambiri ya achinyamata imafooka chifukwa bwana amangokana kuti samudziwa, kapena amati anali wa ganyu wa tsiku limodzi. Mankhwala ake ndi otsika mtengo. Kope la masamba ochepa ndi lokwanira kulembamo tsiku loyamba ntchito, malipiro amene anagwirizana, nthawi yolowa ndi yoweruka, ndalama iliyonse imene walandira ndi imene wadulidwa. Mauthenga a pafoni asafufutidwe, makamaka a Airtel Money ndi Mpamba, chifukwa amasonyeza dzina la wotumiza, tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama. Chithunzi chojambulidwa pa malo a ntchito, yunifolomu, kapena buku la kuchipatala losonyeza tsiku lovulala, zonsezi zimayankhula pa bwalo.

Pogwirizana za ntchito pakhale mboni, kaya ndi malume, nyakwawa kapena mkulu wa mpingo. Chiphaso cha unzika chikhale m'manja mwa mwini wake. Bwana akhoza kuchiona n'kulemba nambala, koma asachisunge ngati chikole. Ndipo pa tsiku lochotsedwa ntchito, wachinyamata asasainire pepala limene sanaliwerenge, makamaka lonena kuti wasiya yekha kapena kuti walandira zake zonse. Apemphe kupita nalo kwa munthu womuwerengera. Safunsa anadya phula.

Kodi osauka amapambanadi?

Funso limeneli ndi loyenera, ndipo yankho lake lili m'zimene zachitika m'zaka zaposachedwa. Amayi 36 ogwira ntchito m'minda ya tiyi ya kampani ya Eastern Produce Malawi ku Mulanje ndi ku Thyolo anasumira kampani ya Camellia, yomwe ndi mwini wake, ku bwalo la ku London, ponena kuti ankachitidwa nkhanza zachisembwere pa ntchito. Mu February 2021 nkhaniyo inatha pa mgwirizano wa mapaundi 2.3 miliyoni, ngakhale kampaniyo sinavomere kulakwa. Mu December 2020 anthu oposa 7,000 a m'mabanja olima fodya m'dziko muno, akulu ndi ana, anasumira makampani a British American Tobacco ndi Imperial ku London komweko. Makampaniwa anakana mlanduwo n'kupempha kuti uthetsedwe usanamvedwe, koma mu June 2021 bwalo linakana pempholo. M'chaka chomwecho cha 2021 aphungu a dziko lino anasintha lamulo la zantchito n'kuthetsa ulimi wa matenanti, umene kwa zaka zambiri unkakokera ana m'minda ya fodya pamodzi ndi makolo awo.

Kuno kwathu nkhondo yolimbana ndi kugwiritsa ana ntchito si yachilendo. Ntcheu ndi limodzi mwa maboma amene munagwira ntchito pulogalamu ya ARISE, imene inayamba mu 2011 mothandizana pakati pa kampani ya JTI, bungwe la Winrock International ndi bungwe la zantchito pa dziko lonse la ILO, pofuna kuchotsa ana m'minda ya fodya ndi kuwabwezera kusukulu. Phunziro lochokera m'nkhani zonsezi ndi lakuti anthu amene analibe chuma kapena maphunziro apamwamba anamvedwa chifukwa anayankhula, anagwirizana, ndipo anapeza owathandiza pa zamalamulo. Mtsikana amene akufunsa malipiro a miyezi itatu kwa mwini lesitilanti safunika kupita ku London. Bwalo lake loyamba lili pa boma.

Udindo wa wodi iliyonse

Akuluakulu a zantchito ndi ochepa poyerekeza ndi kukula kwa boma lino, kuchokera ku Tsangano kumapiri mpaka ku Kasinje ndi Sharpevale kuchigwa. Sangadziwe zimene zikuchitika m'khola lililonse ndi m'golosale iliyonse ngati anthu a m'deralo ali chete. Makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a m'dera akhoza kuika nkhani ya antchito achinyamata pa misonkhano yawo, monga amachitira ndi nkhani za mijigo ndi milatho. Khansala wa wodi akhoza kulozera wodandaula ku ofesi yoyenera ndi kutengera nkhani zobwerezabwereza ku msonkhano wa khonsolo. Mafumu akhoza kukhala mboni pamene mwana wa m'mudzi akupita kukayamba ntchito, ndi kufunsa mlendo aliyense wodzatenga ana kuti afotokoze kumene akupita nawo. Aphunzitsi ndiwo amayamba kuona kuti mwana wasowa m'kalasi nthawi yokumba kachewere kapena yothyola fodya, ndipo mawu awo kwa komiti ya sukulu akhoza kumubweza msanga.

Olemba ntchito nawonso lamuloli limawateteza. Ambiri mwa iwo ndi anthu a kuno komwe, aphunzitsi, anamwino, alimi ndi eni timabizinesi, ndipo ena amalakwa chifukwa chosadziwa. Kapepala kamodzi kosainirana, ndi kope losainitsa wantchito akalandira malipiro, zimathetsa mikangano yambiri isanayambe. Amene sakudziwa mlingo wa malipiro kapena njira yoyenera yochotsera wantchito amene walakwadi akhoza kukafunsa ku ofesi yomweyo ya zantchito asanachite kanthu.

Kwa makolo, pempho la khonsolo ndi lakuti mwana akabwera kunyumba chimanjamanja atagwira ntchito miyezi, musamuuze kuti angozisiya m'manja mwa Mulungu. Mufunseni tsiku limene anachotsedwa, muwerenge pa kalendala kuti miyezi itatu ikutha liti, musonkhanitse mauthenga a pafoni ndi mayina a mboni, ndipo mumuperekeze pa boma sabata yomweyo. Ngati si mwana wanu koma wa mnansi, kapena wamasiye amene alibe womuyankhulira, mumuperekeze ndinu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.